Chitseko cha Mlombwa

Chibwerere lamulo loti mitengo yonse ndi ya boma, anthu a kwa Mphonde anasiya kuika maliro m'mabokosi. Mtengo uliwonse unali ndi kachitsulo kolira kakangomva nkhwangwa, ndipo wodula ankamulanda munda. Akufa ankangowakulunga m'mphasa.

A Lufeyo atamwalira ndi kutentha kwa mu Okutobala, mkazi wawo Esinala anakana mphasa. Amuna akewo anali kalipentala, ndipo kale anakhomera mabokosi theka la mudzi.

"Alamu, tengani hamala," anauza a Dafuleni, mng'ono wa malemu. "Chitsekochi n'chamlombwa. Anachipala okha chaka chomwe tinakwatirana."

"Nanga inu muzikhala bwanji, alamu? Fumbi la mwezi uno mukulidziwa. China simudzachipezanso."

"Zulani."

A Dafuleni anazula. Matabwa anaperewera, anawonjezera benchi ndi thabwa loikapo mbale. Bokosi linatulukabe lalifupi, moti anachita kupinda mawondo a malemu kuti akwanemo. Esinala anayang'ana kumbali.

Pochokera kumanda Esinala anapachika thumba la feteleza pakhomo. Mphepo inkalikankha tsiku lonse, fumbi n'kumalowa mu ufa ndi m'madzi akumwa. Iye ankangosefa, osadandaula.

Patatha masiku atatu kunabwera a Nasiyani, amene amuna awo anali atasiya kudya. Anakhala pansi, anapepesa maliro, kenaka anatsitsa mawu.

"Ndiuzeni, anzanga. Munthu wamtali ngati wangayu, chitseko chimodzi chingakwane?"

"Sichikwana," anayankha Esinala. "Muyambiretu kuyang'ana bedi."