Bowa pa Mtengo wa Apongozi

Lamulo la m'mudzimo linali lakuti aliyense wakudya akhale ndi mtengo wake wamoyo. Mtengo ukauma, pakhomopo pamachoka mmodzi, kaya mbuzi kaya munthu. Kwa Lufina mbuzi zinali zitatha kale.

M'mawa wina akusesa, anaona bowa woyera atamera patsinde pa mtengo wa mango wa apongozi ake.

"Bambo a Dalo, tabwerani kuno."

Mwamuna wake, Gwaza, anagwada n'kumukhudza bowayo. "Nanga si chomeranso chimenechi? Alonda a mitengo akabwera atiwerengera."

"Bowa alibe masamba," anatero Lufina. "Sadzipangira chakudya ndi dzuwa ngati mtengo, amadya zowola. Ngati wamera apa, m'katimu mwafa kale."

Gwaza anayang'ana mimba ya mkazi wake, kenako kamtengo kamene anadzalira mwana ali m'njirayo, yemwe anali atamutchuliratu dzina loti Dalo. Kanali kasanafike ndi m'bondo momwe, ndipo alonda sakanakawerenga.

Lufina anapala bowayo ndi mpeni n'kumatapo dothi kuti pasaoneke. Atatembenuka anapeza apongozi ali pakhonde, akupinda zitenje zawo ngati munthu wa paulendo.

"Musadzivute, mwanangu, ndinamuona dzana," anatero apongoziwo osadzutsa mutu. "Koma mtengo wa Dalo musamaiwale kuuthirira."