Bakha Alanda Dzuwa la Tambala

Padangotero, tili tonse pano.

Tambala ankauza akazi ake kuti dzuwa ndi wantchito wake. "Ndikapanda kulira ine, muzipalasa mumdima," ankatero, ndipo nkhuku zinkamusiyira chiswe chonona. Bakha ankapsa mtima ndi nsanje, koma ndi mawu ake osasawo akanatani?

Tsiku lina masanasana mwezi udadutsa kutsogolo kwa dzuwa, kudachita kadamsana. Nkhuku zidathamangira kwa Tambala. "Bambo, wantchito wanu uja wathawa! Muitaneni!"

Tambala adalira mpaka kukhosi kudauma, koma mdima udangokulirakulira. Mantha atamugwira, adalowa m'khola n'kubisa mutu.

Bakha naye adati athawe, koma adaterereka m'matope n'kukuwa, "Kwaa!" Nthawi yomweyo mwezi udapitiriza ulendo wake, dzuwa lidasuzumira.

"Mwaonatu, amayi?" adatero Bakha akudzipukuta. "Limamvera ine. Masiku onsewa ndimangokhala chete chifukwa cha ulemu."

Nkhuku zidalulutira n'kumulondola kudambo. Tambala atatuluka adapeza pabwalo pali zii. Akazi ake anali akumira mmodzimmodzi, akuphunzira kusambira kwa mwini dzuwa watsopano.

Yanga yathera m'madzimo.