Mipando ya Kutsogolo

Phyllis anang'amba envulopu ndi chipini cha m'mutu, monga ankachitira miyezi itatu iliyonse. Azakhali ake, mayi Agnesi, anasiya kusenda nyika, timizu tija ta m'madzi, napukuta manja pachitenje. Chinali chaka cha chilala, 1992, ndipo kwa Mlolo anthu ankadya za m'dambo.

"Werengani, aphunzitsi," anatero akusendera pafupi pakhondepo.

Kalatayo inali ya kampani ya ndege. Mwana mmodzi yekhayo wa mayi Agnesi, Lorenso, ankagwira ntchito ku Joni, yogulitsa zitsulo za makina ogaya nzimbe, ndipo ankangokhalira m'mlengalenga. Ulendo uliwonse kampaniyo inkamulembera mapointi. Akakwera ndege ya kampani ina yogwirizana nayo, mamailosi ake ankathiridwa momwemonso. Polembetsa, Lorenso anapereka keyala ya sukulu imene Phyllis ankaphunzitsa, ati nyumba za lendi zimasinthasintha koma kwawo kwa munthu sikusamuka.

Pa zolemba makalata Lorenso anali waulesi chibadwire. Choncho mapepala a ndegewa ndiwo anali uthenga wa mayi Agnesi. Ankadziwira momwemo kuti mwana wawo anali ku Nairobi, wapita ku Harare, wabwerera bwino.

Koma chimene ankadikira kwenikweni chinali nambala ya m'munsi mwa pepala. Zaka zisanu zapitazo Lorenso anawalonjeza pakhonde lomwelo: "Akadzakwana zikwi makumi anayi, amayi, tikiti yake ndi yanu. Mudzabwere mudzaone adzukulu anu." Adzukuluwo anali awiri, obadwira konko, ndipo agogo awo anali asanawanyamulepo. Pasipoti anaipeza atakwera chitunda cha ku Blantyre katatu, ndipo ankaisunga m'chitini pamodzi ndi khadi la chipani. Kalata yapitayo inati kwatsala zikwi ziwiri zokha.

Lero Phyllis anawerenga chamumtima, nabwerezanso kuchokera pamwamba.

"Bwanji? Chizungu chakula lero?"

"Mapointi atha, azakhali."

"Akwana?"

"Atha. Awagwiritsa ntchito."

Anafotokoza pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Masabata atatu apitawo Lorenso ndi mkazi wake Molly anagula matikiti a mipando ya kumbuyo, ya anthu wamba. Kenaka anapereka mapointi onse kuti awasamutsire kutsogolo, kuseri kwa katani, kumene amakhala mabwana. Kuchoka ku Joni mpaka ku Harare. Kumeneko anakwera ndege ya kampani inzake ija, kutsogolonso.

"Kupita kuti?"

Phyllis analoza pamzerewo. "Ku Chileka."

"Chileka wa ku Blantyre konkuno?"

"Eya. Ndipo ulendo wobwerera sanaulembe. Akadali konko." Anayang'ananso papepala, kufuna kanthu kotonthoza nako. "Koma ayambanso kusunga, azakhali. Ndege ya ku Harare ija yawapatsa mazana atatu atsopano."

Mayi Agnesi anaseka, kuseka kopanda mano kuonekera. "Mazana atatu. Ndiye kuti ndidzakwera ndili kumanda."

Anatolanso mpeni, koma nyika inawapulumuka m'manja. Zaka zisanu za kuwerenga manambala, mwana wazidya m'maola atatu, atatambasula miyendo, akupukuta pakamwa ndi kansalu koyera. Zimenezo akanazipirira. Chimene chinawalasa n'chakuti munthu ali pamtunda pomwepa, ulendo wa tsiku limodzi pabasi, masabata atatu athunthu, osatsika kudzaona ngati mayi ake ali moyo m'chaka chotere. Kumpingo anali atauza kale amayi anzawo kuti Khirisimasi ino akadyera ku Joni. Ena anali atawatuma kale nsapato.

"Tenga pepala ulembe."

"Azakhali, dikirani mtima utsike."

"Nkhabe! Lemba. Ndipo usayambe ndi 'wokondedwa'. Uti: Lorenso, mipando yabwino mwakhalapo, tamva. Ine ndege sindikuifunanso. Adzukulu udzawauze kuti agogo awo anafa kale, usavutike ndi kuwafotokozera za kuno."

Phyllis analemba, misozi ikudonthera papepala. Asanamalize, galimoto inaima kumsewu, patali ndithu ndi nyumba. Munatsika mayi wachilendo, wovala nsapato za m'tauni, nayamba kuyenda pa dothi long'ambika lija ngati akuopa kuliponda. Mwamuna sanatsikemo.

"Waona?" anatero mayi Agnesi motsitsa mawu. "Watuma mkazi. Mwini wake fumbi la kwawo limudetsa."

Mlendoyo anafika, nagwada kunsi kwa khonde. "Amayi, ndine Molly, mpongozi wanu."

Mayi Agnesi sanapereke mkono. "Takulandirani. Mutikhululukire, kuno mipando ya kutsogolo kulibe. Tili ndi mphasa basi."

Molly anaona pepala la ndege lili pamwendo pa Phyllis, namvetsa.

"Mipando ya kutsogolo imagonekeka, amayi. Mwana wanu kukhala tsonga sakanatha, anamukweza m'ndege atamunyamula. Anati akufuna akatsirizikire pakhomo panu, koma titatera anangopitirira naye kuchipatala. Ankandiletsa kukuuzani, ati mpaka adzathe kuima pamaso panu ndi miyendo yake. Watisiya dzulo masana."