Kafulati ka Pamwamba pa Sitolo ya Nsalu

Linnet ankakhala ku Seraleng, ndipo ankadya za maganyu okolopa m'nyumba za anthu m'tauni ya migodi ya Rustenburg, kutali ndi kwawo. Tsiku lina mayi wogulitsa nyumba anamupatsa makiyi a kafulati kopanda munthu, pamwamba pa sitolo yakalekale ya nsalu, kuti akakonzemo ogula asanabwere kudzakaona m'mawa mwake.

Anamaliza ntchito kunja kutayamba kuda. Atangonyamula ndowa, anamva munthu akutsokomola kuchipinda chomwe anali atangokolopa kumene, chifuwa chouma chija cha anthu a kumigodi.

"Mwanawe, kodi mvula yayamba kwathu ku Dedza?" Anali mawu a bambo wokalamba, Chichewa chake chosasakaniza.

Linnet anasuzumira. M'chipindamo munalibe munthu, ngakhale mpando. Pansi panali ponyowabe, popanda phazi la munthu.

Anathamangira kukhomo, koma kiyi ankangozungulira osatsegula geti lachitsulo. Anakuwa pawindo lotchingidwa ndi zitsulo. Pansi pamsewu anthu ankakwera takisi yopita ku Boitekong, koma palibe amene anadzutsa mutu.

"Pepani agogo, ine ndangobwera kudzagwira ntchito," anatero Linnet. "Mwana wanga akundidikira kunyumba."

"Inenso ndinangobwera kudzagwira ntchito," anayankha mawuwo. Tsopano ankachokera kukhitchini, pafupi ndi msana wake. "Anganso ankandidikira."

Takisi ija inadzaza n'kunyamuka. Linnet anagwira zitsulo za pageti ndi manja onse awiri, osayerekeza kucheuka.

"Khala pansi, mwanawe, undiuze za kwathu," anatero mkuluyo mofatsa. "Ukuthamangira kuti?"