Katuza ka Pamlomo

"Aphunzitsi, kanema waima," anatero mtsikana wokhala kutsogolo.

Sanaime yekha. Mphunzitsi wa payunivesiteyo ndi amene anamuimitsa. Katuni ya pa intaneti imeneyi, yosonyeza mmene kachilombo ka hepizi, koyambitsa timatuza, kamachulukira m'thupi, anaikonza ndi mkazi wake. Mawu ofotokozawo anali a mkaziyo, yemwe anamwalira miyezi itatu yapitayo.

Mphunzitsiyo anadinanso batani, kanema n'kupitirira.

"Kachilomboka sikafa," anapitiriza mawuwo. "Kamabisala m'mitsempha, n'kudzuka tsiku limene munthu wafooka."

"Ngati katuza kali pamlomo panupo?" anafunsa wophunzira wina. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Mphunzitsiyo anakhudza katuzako pang'onopang'ono.

"Eya. Anandipatsira ndi mayi akulankhulawa, tili pachibwenzi. Iwo anapita. Kokhaka ndi kamene kamabwerabe kudzandiona."