Ndani Adadyetsa Liffey Bell?

"Pali wina waipatsa mankhwala hatchiyi," adatero Rodwell, akumenyetsa chitseko cha khola.

Liffey Bell, hatchi yaikazi ya zaka zitatu yomwe iye ankaisamalira kumpoto kwa Dublin, inali itapambana mipikisano isanu motsatizana. Tsopano m'magazi ake mudapezeka zoletsedwa, ndipo chikho chake chinali pafupi kulandidwa.

Rodwell adayamba kukayikira aliyense. Dalton, wokwera hatchiyo, bwanji ankakayankhulira foni kuseri? Nanga dalaivala wa lole yonyamula hatchiyo, kusekerera kwakeko? Ngakhale Fredrick, Mmalawi mnzake amene ankakwera naye basi kuchokera ku Santry, sadapulumuke.

"Achimwene, Lachinayi lija mudalowa m'khola muno kudzatani?"

"Kudzatenga foloko ya udzu. Mwayamba kundiyesa mfiti tsopano?"

Kuyambira tsikulo awiriwa sadakhalenso mpando umodzi m'basi. Rodwell adapita kwa abwana awo n'kupereka mayina onse atatu.

Lolemba, dokotala wa ziweto adasonkhanitsa antchito pakhomo pa kholalo.

"Si jakisoni ayi," adatero mayiyo. "Ndi chokoleti, ndimo mukuchokera zoletsedwazo. Wina wakhala akuipatsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Ndikuganiza kuti ndi munthu woikonda kwambiri."

Onse adayang'anana ndi maso a m'mbali.

Pamenepo Liffey Bell idasuzumira pamwamba pa chitseko. Idanunkhiza abwana n'kuwapitirira, idapitiriranso Dalton ndi Fredrick. Kenako idalowetsa mphuno m'thumba la jekete ya Rodwell, monga inkachitira m'mawa uliwonse.