Kenelo Yakale Ija

Mayi anali pakati posita malaya a kuntchito pamene wokonza makompyuta anagogoda, atakwapatira laputopu imene mwana wawo wamkazi anawatumizira.

"Yachira, mayi. Makinawa ndi atsopano, koma kenelo, mtima wa mapulogalamu ake, inali yakale. Sinkazindikira kamera ngakhale sipika. Ndaikamo yatsopano."

Mayi anazimitsa simbi. Chichokere pakhomo, mwanayo ankangolemba kuti akanamaimba, koma laputopu ya amayi ndiye yosaona, yosamva.

Anamuimbira pomwepo. Kamera inawaonetsa nkhope yawo bwinobwino, imvi ndi thukuta lomwe. Kunaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kenako kunabwera uthenga: "Ndatanganidwa, amayi. Tizingolemberana ngati kale."

"Mwaona kuwala kwake?" anatero wokonzayo monyadira.

"Ndaona. Nanga yakale ija mwataya?"

"Sititaya. Imakhalabe momwemo, mumasankha poyatsa, kuchitira kuti mwina yatsopano ingavute."

"Ndibwezereni yakaleyo, bambo. Ija inkandipatsa choyankha anthu akafunsa ngati mwanayu amaimba."

Anayatsanso simbi, n'kuyala mkono wa malaya umene unali udakali ndi makwinya.